Paipi ya Mkamwini wa Felizarda

Paipi yakale ya gasi pakhomo pa malemu Zunguze inatha ndi dzimbiri, monga zimathera zitsulo zonse kuno ku Vilankulo. Mphepo yamchere ya kuno siisiya kanthu. Ukaiwala supuni panja Lolemba, pofika Lachisanu uitola ili ngati yofukula kumanda. Paipiyo inagona mumchenga zaka makumi awiri, kuyambira pa mita kugeti, kudutsa bwalo lonse, mpaka kuseri kumene kuli makhitchini awiri.

Inde, awiri. Zunguze anasiya akazi awiri, Felizarda wamkulu ndi Saquina wamng'ono. Bambo uja pa zinthu zambiri mutu sunkamuthandiza, koma apa pokha anaganiza bwino. Anamanga makhitchini ogundana msana, khoma limodzi pakati, chitseko china choyang'ana kunyanja, china kumsewu. Paipi ikafika pakhomalo inkagawika pawiri, aliyense moto wake. N'chifukwa chake azimayi awiriwa anakalamba popanda wina kuthira mnzake madzi otentha. Sankadana kwenikweni. M'mawa ankapatsana moni, kumaliro ankakhala mphasa imodzi. Koma wina kuponda m'khitchini mwa mnzake, zimenezo ayi.

Tsiku lina Felizarda anamva fungo pansi pa mtengo wa mango. Anayamba wakalipira abakha, kenako anaganizira Saquina. Anthu a kampani ya gasi atabwera anafukula pang'ono, n'kupeza paipi ili zibowo zokhazokha ngati sefa. Anatseka gasi, kenako ananena mawu awo aja amene ngakhale nkhuku za kuno zinawaloweza.

"Mamani, ife zathu zimathera pa mita. Kuchoka apa kulowa m'kati ndi zanu."

Azimayiwo anaphikira makala milungu itatu, maso ali psuu, mawondo akulira.

Kenako Disembala inabweretsa anthu a ku Joni. Ermelinda, mwana yekhayo wa Felizarda, anatsika basi ndi mwamuna wake Jossias, patatha zaka zitatu asanaoneke. Jossias ameneyu chikwatirireni pakhomopa ankatchedwa mkamwini wa masiwiti, chifukwa akabwera ankanyamula thumba la masiwiti basi, pamene akamwini a anthu ena ankatsitsa malata ndi mafiriji. Dzinalo analipeka ndi Saquina, linafalikira msewu wonse, ndipo mwiniwake ankalidziwa. Ulendo uno anatsika atakoleka paphewa nkhata yaikulu ya paipi yachikasu, yonyezimira, imene anaifungata masiku awiri m'basi kuti akatundu asaipondereze. Ku Joni ntchito yake inali yomweyo, yolumikiza zitofu ku mabotolo a gasi m'nyumba zosanjikizana.

Pakhomo pa Zunguze chipongozi ankachisunga mwakalekale, ngakhale makomo ena anachitaya. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. M'khitchini mwawo salowa, ngakhale kusuzumira. Moni amapereka atanjuta chapatali, chipewa m'manja, maso kumchenga, ndipo mawu ena onse amadzera mwa munthu. Ndiye Jossias atamva pa foni kuti paipi yafa, asanagule yatsopano anafunsa mkazi wake konko ku Joni.

"Amaphikira chiyani mamani?"

"Kachitofu kaja ka malo awiri," anatero Ermelinda, maso ali pa wailesi yakanema. "Mamani Saquina nawonso komweko, koma iwo amangowiritsa tiyi."

Zaka zitatu zapitazo zimenezo zinali zoona. Koma pakatipa Felizarda anapeza chitofu cha malo anayi ndi uvuni kuchokera ku hotela ina imene inkatsekedwa. Saquina atangochiona chikutsitsidwa anadwala mutu sabata yathunthu, ndipo anachira atagula chake cha malo anayinso, n'kuwonjezera chimoto chachikulu chowiritsira nkhanu zimene amagulitsa. Ermelinda atalowa m'khitchini mwa mayi ake tsiku lofika, anaima, anayang'ana chitofucho, n'kutuluka, mwamuna wake osamuuza.

Jossias anakumba yekha masiku awiri, malaya atavula, osafuna waganyu. Anazula paipi yakale n'kuitaya pansi pa mango, anayala yake yachikasu, anailumikiza kunja kwa khoma pamene mwambo unamuimitsa. Atapaka thovu la sopo polumikiza ponse n'kuona kuti palibe potuluka mpweya, anatsegula pa mita.

"Auze mamani ayatse," anauza mkazi wake.

"Mamani, akuti yatsani!"

Felizarda anayatsa malo amodzi. Moto unadumpha wabuluu, wokongola, wolira bwino. Ermelinda analulutira, oyandikana nawo anasuzumira pampanda, ndipo Jossias anajambulitsa chithunzi ataponda phazi limodzi m'ngalande ngati munthu wapha ng'ona.

M'mawa mwake, Lachiwiri, Felizarda anateleka ketulo, mpunga ndi mphika wa matapa, chigwada chake atasinja dzulo. Malawi sanali amphamvu ngati akale, koma anali chilili. Kuseri kwa khoma kunamveka machesi, khwaa. Malawi a Felizarda anagwada. Khwaa kachiwiri, anakhala pansi. Chimoto cha nkhanu chitayatsidwa, panangotsala timadontho tabuluu tonjenjemera mozungulira, toti n'kuyetsemula tonse tipita.

"Mana Felizarda!" Anali Saquina kuseri kwa khoma, poti kuno achemwali amati mana. "Mwayamba liti kuba moto?"

"Ndibe wako? Wangawu ukutsirizika kuno."

"Tazimitsani umodzi tione."

"Zimitsa ndiwe. Wayamba kuyatsa ndani?"

"Mana, nkhanu zanga zikusamba mumphika. Ina yandifunsa sopo."

Felizarda anazimitsa wa ketulo.

"Ehe, wadzuka pang'ono!"

Anayatsanso.

"Wagonanso! Ndinkanena ine kuti ndinu mfiti, malemu ankakana."

Felizarda anatseka moto wake. Anatuluka n'kupita pansi pa mango, pamene paipi yakale inagona pambali pa kachidutswa kotsala ka yatsopano. Yakale inali ngati nzimbe, chala chachikulu chinkalowa n'kutembenuka. Yatsopanoyo ngakhale kachala kakang'ono kanakana. Felizarda sukulu anangoidutsa panja, koma anathirapo mafuta m'botolo la pakamwa pang'ono, ndipo ankadziwa mmene munthu amakalambira akudikira.

Masana omwewo Jossias ananjuta pabwalo, anaomba m'manja, n'kuuza Ermelinda kuti auze amayi onse awiri nkhani yabwino. Loweruka adzakwirira ngalande n'kuthira simenti bwalo lonse, kuchokera kugeti mpaka kumakhitchini, kuti apongozi asamayendenso mumchenga ndiponso kuti paipi ikhale zaka makumi asanu osakhudzidwa. Lamulungu akwera basi.

Saquina anasisita chibwano. Felizarda anayang'ana ngalande ija. Simenti ikangouma, ndani angaiswe? Nkhalamba ziwiri? Ndipo ngakhale atapeza munthu wa nyundo, kuswa mphatso ya mkamwini iye atangotembenuka, phokoso lake likamveka mpaka ku Joni. Panatsala masiku anayi oti paipi isinthidwe, ndipo munthu yekhayo woti aisinthe anali amene iye sankatha kumulankhula.

Felizarda anakokera Ermelinda m'khitchini.

"Kawauze amuna ako kuti paipi yawonda. Moto sukukwana."

"Mamani, dzulo unayaka bwinobwino."

"Dzulo unali umodzi. Pita."

Ermelinda anapita akukoka miyendo. Felizarda anamata khutu pachitseko.

"Mamani akuti zikomo kwambiri. Akuti moto wake ndi wofatsa, supsereza chakudya."

Jossias anaomba m'manja mosangalala. "Auze kuti ndi paipi za masiku ano zimenezi. Zonenepa zija n'za nthawi ya atsamunda."

Ermelinda atabwerera, mayi ake anamugwira khutu ngati ali ndi zaka zisanu.

"Ndinakubereka ndi pakamwa pokhota ine?"

"Mamani, siyani, mundivula ndolo!" Kenako anayamba kulira chamumtima kuti kunja asamve. "Ndine ndinawauza kuti muli ndi malo awiri. Akadziwa, ine ndiye ndikakhala nawo bwanji? Chithunzi chija atumizira kale abale awo onse. Zaka zisanu ndi zinayi mukuwaseka ndi masiwiti, lero achita chinthu, mukufuna ndikawauze kuti n'chachabe? Mukawachititsa manyazi pano sadzapondanso. Ndipo ine basi ya ku Joni sindidzakwera ndekha, mukuwadziwa."

Felizarda anasiya khutulo. Mwana anali mmodzi yekhayo.

Lachitatu kunabwera bambo wa kampani woona mita, wamfupi, mimba patsogolo, pa njinga yamoto yolira ngati mbuzi. Jossias anali atapita kukafuna miyala ya konkire. Bamboyo atasuzumira m'ngalande anaimba mluzu.

"Mamani, chingwe choyanikira zovala mwachikwirira bwanji pansi?"

"Ayala ndi akamwini anga. A ku Joni."

"Aa. A ku Joni." Anakanda m'mutu. "Muli ndi malo angati ophikira?"

Felizarda anawerenga ndi zala. Ake anayi ndi uvuni, a mnzake anayi ndi chimoto cha nkhanu. Zala zinatha zonse khumi. Bamboyo anayenda kuchokera pa mita mpaka pakhoma la khitchini akuwerenga mapazi, anapeza makumi anayi ndi atatu, n'kuimbanso mluzu.

"Kwawoko botolo limakhala pambali pa chitofu, mapazi awiri basi. Ndiponso gasi wa m'botolo ndi wonona, pang'ono pokha wakwana. Wathu wapansiyu amafunika wambiri, ndipo njira ikatalika n'kukhala yopapatiza, amafika atatopa. Kapaipi aka kangadyetse malo awiri, atatu ngati mumapemphera. Apa pamafunika inzake ya yakale ija."

"Ndimadziwa ine."

"Ndipo mumvetse. Moto ukazima wokha mnzanu atayatsa, muzitseka msanga. Iye akazimitsa kwake, gasi adzabwerera kwanu popanda moto, n'kudzaza khitchini. Mphuno yanu imagwira?"

"Chimfine chikandisiya."

"Muzichithawa chimfinecho."

Felizarda anamugwira mkono wa malaya. "Khalani pang'ono, mwanangu, abwera posachedwa. Muwauze inuyo, amuna okhaokha. Ndikuphikirani tiyi."

"Pa moto uti?" Bamboyo anaseka mpaka mimba inagwedezeka. "Mamani, ndikayamba kulowerera za akamwini a anthu, ndidzafera m'ngalande. Ine zanga zimathera..."

"Pa mita. Pitani, mbuzi yanu ikukudikirani."

Panatsala njira ya mwambo. Lachinayi m'mawa Felizarda anatenga botolo la mowa wa uchema n'kupita kwa a Zefanias, mng'ono wa malemu Zunguze, amene pakamwa pawo ndi pamene pankadzera nkhani zolemera za pakhomopo. Anawapeza atavala jekete lakuda lachikopa limene Jossias anawabweretsera, dzuwa la Disembala likuswa mtengo, thukuta likuyenderera m'makutu. Nkhaniyo anaimva msanga, mpaka anamenya ndodo pansi.

"Mwana ameneyu akufuna kutiphera akazi a achimwene? Ndikamuuza ngati bambo wake. Tiyeni, mlamu."

Anakhala ndi Jossias pansi pa mango ola lathunthu, Felizarda akuonera pawindo. Anaona a Zefanias akuloza ngalande ndi ndodo. Anaona Jossias akulowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lokutidwa m'pulasitiki. A Zefanias analigwira ndi manja awiri, analiyang'ana nthawi yaitali ngati akudziwa kuwerenga, kenako anayamba kugwedeza mutu movomera. Pobwera kukhitchini ankayenda cham'mbali.

"Mlamu, mnyamatayu ali ndi pepala."

"Pepala liphika mpunga?"

"Lili ndi chidindo chagolide, ndi chithunzi chake atavala tayi. Akuti paipi yomweyi waiyala m'nyumba mazanamazana, palibe anabwera kudzadandaula."

"Mwawauza kuti malo ndi khumi?"

A Zefanias anakonza kolala ya jekete. "Ndinati ndinene, mawu anafika apa." Analoza pakhosi. "Ndamufunsa ngati siinachepe, wati ayi. Ndiye ndibwerezenso? Munthu wandiveka chikopa, mlamu. Chibadwire ine sindinavalepo chikopa."

"Bwezani uchema wanga."

"Unatha kalekale."

Madzulo a tsikulo Felizarda anakumana ndi Saquina pampopi. Anaima onse awiri akuyang'ana matumba a simenti ataunjikidwa pansi pa lona.

"Iwe pakamwa pako sipatseka," anatero Felizarda. "Bwanji osawauza?"

"Ine? Nanenso ndi akamwini anga, mana. Ndingawatche maina kuseri, koma pamaso ayi. Komanso akamva kwa ine adzati ndi nsanje ya mkazi wamng'ono." Saquina anatseka mpopi, maso ake akuseka. "Koma mawa si mukuwaphikira chakudya chotsanzikana? Pakamwa pakanika, tiwauze kudzera m'mimba."

Anapangana motere. Lachisanu ayatse malo onse khumi nthawi imodzi, aphike nthawi yomwe amaphikira masiku onse, osawonjezera, ndipo chimene chituluke mumphika apereke chomwecho. Jossias, poti ndi munthu wa za gasi, akaluma mpunga wosapsa adzafunsa. Akafunsa, Ermelinda adzasowa pokhotera.

Chikwatiwire Saquina pakhomopo, aka kanali koyamba awiriwa kugwirizana chinthu. Lachisanu machesi analira mbali zonse za khoma. Saquina anateleka miphika ya madzi okhaokha pamalo ake onse, n'kumafuula, "Mana, ndayatsanso uwu! Wafa kwanuko?" Kwa Felizarda mpunga unangonyowa n'kukhala chete. Matapa anafunda ngati madzi osambitsira khanda. Nkhuku mu uvuni inangotuluka thukuta.

Felizarda anapakula chomwecho. Moyo wake wonse anali asanaperekepo kwa mlendo chinthu chotero. Ermelinda atasuzumira m'mbale anatsegula pakamwa.

"Nyamula," anatero mayi ake. "Ukanenanso kuti n'chofatsa."

Jossias anakhala pansi pa mango ndi a Zefanias. Azimayi awiri aja anaima pakona ya makhitchini, mitu yogundana, akusuzumira. A Zefanias anatapa kamodzi, anatafuna, anaima, kenako anakumbukira kuti kutchalitchi kuli msonkhano wa amadoda. Jossias anatsala yekha. Anaika supuni yoyamba m'kamwa, ndipo kukukuta kwake kunamveka mpaka kukhitchini, ngati mbuzi yapeza chimanga chouma. Anayang'ana mbale. Anayang'ana kumchenga. Anatapanso.

"Afunsa tsopano," ananong'ona Saquina.

Anang'amba ntchafu ya nkhuku, pafupa pali magazi. Anatseka maso n'kumeza.

"Afunsa, dikirani."

Sanafunse. Mkamwini sasiya chakudya cha apongozi, ndipo sanena kuti chatere. Anadya mpunga wonse, anapukuta matapa, anasiya mafupa ali mbee, misozi ndi thukuta zikusakanikirana pachibwano. Kenako anaomba m'manja.

"Auze mamani kuti chakudya chotere ku Joni kulibe."

"Apo sakunama," anatero Saquina.

Ermelinda, poti mlendo akayamikira amamuwonjezera, anapakulanso mbale ina. Jossias anaiyang'ana ngati munthu akuyang'ana bokosi lake lomwe la maliro, n'kutenga supuni.

Apa kuseka kunamuthera Felizarda. Anaona kuti chingwe chimene chinamanga iye pakamwa chinamanganso mwana wa eniakeyo, ndipo awiriwo akanatha kudyetsana miyala mpaka kufa akuomberana m'manja. Atamaliza mbale yachiwiri, Jossias ananyamuka pang'onopang'ono n'kukaima m'mphepete mwa ngalande. Anayang'ana paipi yake nthawi yaitali. Anayang'ana kumakhitchini. Felizarda anagwira dzanja la Saquina osadziwa kuti waligwira. Jossias anawerama, anagwira pamimba, n'kuthamangira kuchimbudzi.

Loweruka kunacha amisiri awiri ali pageti ndi mafosholo, anthu a mumsewu womwewo, odziwa dzina la masiwiti lija bwino lomwe. Jossias anatuluka nkhope itatuwa, maso atalowa. Ankakankha wilibala kawiri, n'kuthamangira kuseri, n'kubweranso. Koma ntchito sinaime. Mchenga, miyala ndi simenti anazisakaniza pakati pa bwalo, ndipo Jossias anatenga fosholo n'kuyamba kukwirira ngalande kuyambira kugeti.

Felizarda anaonera pawindo paipi yachikasu ikusowa phazi ndi phazi. Itafika pa mango, anavala chitenje chake cha kutchalitchi, anamanga duku, anatenga mphasa n'kutuluka. Anaiyala pafupi ndi ngalande, pafupi kuposa mmene anakhalirapo ndi mkamwini wake chiyambire, n'kukhala cham'mbali.

Mafosholo anaima. Amisiri anayang'anana, mmodzi akumwetulira kale, poganiza za nkhani yokafotokoza kumsika. Ermelinda anaima pakhomo atagwira pakamwa. Jossias anataya fosholo, anavula chipewa, ananjuta.

"Nenani, mana," ananong'ona Saquina kumbuyo. "Nenani, ine ndili pompano."

Mawu anali okonzeka. Felizarda anagona nawo, anadzuka nawo. Paipi yachepa, bambo, malo ndi khumi. Mawu ochepa, oti mwana angawanene. Poti kumaso sakanamuyang'ana, anayang'ana manja amene anagwira chipewa. Matuza anali ataphulika onse, zala atazimanga ndi tinsanza ta malaya.

"Bambo," anatero.

Bwalo lonse linati zii. Ngakhale abakha anasiya zawo.

"Bambo, paipi ija..."

Mmisiri uja anatsamira fosholo kuti amve bwino. Ermelinda anapukusa mutu pang'ono, maso atadzaza madzi.

"Paipi ija, Mulungu akudalitseni. Mwatikumbukira."

Saquina anatulutsa mpweya ngati tayala laphulika. Jossias anakhala chinjutire, kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka. Misozi inagwera pa fumbi la simenti n'kupanga timabowo. Anaomba m'manja nthawi yaitali, ndi matuza omwewo.

"Ermelinda, wamva?" anatero. "Andilankhula. Mamani andilankhula okha."

Kuyambira pamenepo anagwira ntchito ngati anthu atatu, m'mimba anaiwalamo. Simenti anaithira yochindikala, akuti ya apongozi siyenera kunyengezera. Pamwamba pa ngalande anayalapo ndi waya yemwe. Dzuwa lisanapendeke bwalo lonse linali see, losalala ngati mbale, ndipo anthu odutsa ankaima pampanda n'kumati pakhomo pa Zunguze papezeka mkamwini.

Lamulungu asanakwere basi, Jossias ananjuta komaliza n'kusiya malangizo kudzera mwa mkazi wake. Simentiyo azithirira madzi m'mawa ndi madzulo masiku asanu ndi awiri, kuti ilimbe ngati mwala, yoti ngakhale nyundo ibwerere. Ermelinda pokumbatira mayi ake ananong'ona kuti, "Chaka chamawa tibweranso, alonjeza." Felizarda anangoti, "Muyende bwino."

Lolemba m'mawa nkhalamba ziwirizo zinatuluka ndi zidebe, wina kuyambira kugeti, wina kumakhitchini, n'kuthirira simenti ija osalankhulana. Atamaliza, aliyense analowa chitseko chake.

Felizarda anatsuka mpunga, anateleka madzi ake ndi ketulo. Kuseri kunamveka khwaa, kenako khwaa wina. Malawi anagwada mbali zonse ziwiri. Palibe anafuula. Aliyense anadikira mnzake, madzi mumphika ali phee osagwedezeka. Felizarda anali mkazi wamkulu, anafika pakhomopo Saquina asanamere mabere, ndipo mwa chilungamo woyamba kuphika anayenera kukhala iye. Koma mkamwiniyo anali wake, ndipo pakamwa pamene panadalitsa paipi panali pakenso. Anatambasula dzanja n'kutseka malo onse awiri.

Kuseri kwa khoma moto unamveka ukudzuka, fuu.

"Mana," anatero Saquina patapita kanthawi, mawu ake ofewa mwachilendo. "Zikomo. Sindichedwa."

"Ukuphika chiyani?"

Saquina anakhosomola kaye.

"Nyemba."

"Unaziviika dzulo?"

"Ndinaiwala, mana."

Felizarda anakoka kampando, anakhala pakhomo la khitchini, beseni la mpunga wotsuka lili pamiyendo. Bakha mmodzi anabwera akuterereka pa simenti yonyowa, anaima patsogolo pake n'kuyang'ana mpungawo. Felizarda anatapa pang'ono n'kumuponyera.